Checkpoint si ya pamsewu yokha

Ndangotsika minibasi pa Kamuzu Road, mutu udakali pa zomwe mphwanga amandiuza m'njira. Titaima pa rodibuloko anaseka, akuti nayonso Bitcoin, ndalama ya pa intaneti ija, inali ndi macheckpoint ake. Ine ndimayesa nthabwala.

Ku Bitcoin checkpoint inali block (tsamba la m'kaundula wa malonda a Bitcoin) yomwe olemba pulogalamu anaikhomera mu code, nambala ndi hash yake (chidindo cha block imeneyo), ngati chikhomo cha malire a munda. Wina akabwera ndi blockchain (kaundula yense wa mablock) yabodza yosadutsa pamenepo kompyuta inkangoikana, ndiye zakale sukanatha kuzilembanso mwakuba. Satoshi Nakamoto, yemwe anayambitsa Bitcoin, anayamba zimenezi mu 2010, yomaliza inakhomedwa pa block 295000 mu 2014.

Chitetezocho ndachimva, koma chandivuta n'chakuti osankha pokhoma anali anthu ochepa, chonsecho timauzidwa daily kuti ndalama imeneyi ilibe mfumu. Mphwanga wangoti achimwene mumafunsa zambiri.