Kuchoka ku Tangier pa sitima, kukafika ku Ouarzazate pa taxi

Ku Tangier ndinakwera Al Boraq, sitima yaliwiro imene Mfumu Mohammed VI ya dziko la Morocco inatsegulira mu Novembala 2018, yoyamba ya mtundu wotere mu Africa muno. Mabogi ake ndi osanja, ine ndinapeza mpando wa pamwamba, cha pazenera. Pakati pa Tangier ndi Kenitra imafika makilomita 320 pa ola, koma m'katimo muli zii, osagwedezeka. Mayi wina anaika kapu ya khofi pa katebulo, nkumacheza pa foni, ndipo sanatayike ngakhale dontho. Mukadutsa Kenitra sitimayo imalowa m'njanji yakale, liwiro nkutsika, kenako Rabat, kenako Casablanca. Ulendo umene kale unkadya maola 4 ndi mphindi 45, lero ndi maola 2 ndi mphindi 10.

Musaganize kuti dziko lonse lili choncho ayi. Kuchoka ku Casablanca kupita ku Marrakech ndi sitima wamba ya ONCF, kampani ya boma yoyendetsa sitima, pafupifupi maola 3, ndipo njanji imathera pomwepo. Wofuna Agadir kapena Essaouira amakwera basi ya Supratours kapena CTM. Boma likuti njanji yaliwiro ifika ku Marrakech mpira wa World Cup wa 2030 usanayambe, koma anthu a kuseri kwa mapiri a Atlas adzadalirabe msewu.

Ine ndinapita kuseriko pa grand taxi, kuchoka ku Marrakech kupita ku Ouarzazate. Galimotoyi sinyamuka mpaka anthu 6 atakwana, ndiye mumangodikira ngati m'minibasi ya pa Wenela. Wachangu amalipirira mipando yotsala, ife tinalibe changu chotero. Msewu wa N9 umakwera mokhotakhota mpaka pa Tizi n'Tichka, mpata wodutsira mapiriwo, pamtunda wa mamita 2,260 kuchokera pa mulingo wa nyanja. Malole odzaza simenti amakwera chokwawa, ndipo dalaivala wathu ankawapitirira pa makona amene ine ndikanayamba ndapemphera kaye. Agogo amene ndinakhala nawo kumbuyo anagona tulo tofa nato, mutu uli paphewa panga, phompho lili pambali pathu.

Tinatsikira ku Ouarzazate makutu atatseka, mawondo akuwawa. Dalaivala anandifunsa ndi manja ngati ndikupitirira mpaka ku Zagora. Ndinapukusa mutu, nkupita kukasaka chakudya.