Buku lija linalira m'manja mwanga

Popeza nkhaniyi yazungulira kale msika wonse wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo dzulo wanjinga amene anandinyamula ku Down Shops anatembenuka pakati pa msewu n'kundifunsa kuti, "Bwana, buku lija mwalichaja?", ndaona kuti ndiifotokoze ndekha isanamere nyanga zina. Inde, buku linalira. Inde, linalirira m'manja mwanga, pamaso pa makolo, aphunzitsi ndi ahedi. Koma zoti ndinakomoka ndi bodza. Ndinangokhala pansi mofulumira pamalo pamene panalibe mpando.

Ganizani ndi mwana wa mlongo wanga, ndiye mwa Chichewa chathu mlandu wake ndi wanga. Ali giredi 9, zaka 15, ndipo chibwerere kudzakhala kwathu nkhope yake sindinaionetsetse. Chimene ndimachidziwa bwino ndi liwombo lake, chifukwa tsiku lonse amakhala ataweramira foni. Mukamutuma mchere amabwera ndi machesi. Lipoti litabwera, aphunzitsi a Chingerezi anali atalemba ndi cholembera chofiira kuti mnyamatayu sawerenga. Ndinati ayi, osati m'nyumba muno. Osati kwa ine amene ndinkawerengera mayeso pa koloboyi mpaka nsidze kununkha ngati mbewa yowauka.

Loweruka lomwelo ndinapita kwa mkulu uja woyala mabuku akale pa thumba, pakati pa ogulitsa nsapato za salaula ndi amayi a kapenta. Apa mvetsetsani, chifukwa ndi pamene adani anga akupotoza. Magalasi anga anali atathyoka mwendo chiyambire Pasaka, ndipo tsikulo ndinawasiya kunyumba. Ndiye bukulo ndinalisankha monga timasankhira vwende: kulinyamula, kumva kulemera, kuligogoda pang'ono. Linali lonenepa ngati njerwa ziwiri, lopanda chikuto, masamba oyambirira atadyedwa ndi chiswe. Ndinamufunsa wogulitsayo ngati lili bwino. Iye anati, "Bwana, ili aliyense amene analiwerenga anapindula." Ndinapereka K35 osanenerera. Munthu uja sananame, tidzafikapo.

Lamulo linali lachidule. Kuyambira 18 mpaka 19 koloko, foni patebulo, buku m'manja. Akamaliza mutu umodzi n'kundifotokozera zimene wawerenga, K5. Ena akuti n'chiphuphu. Ine ndimati ngakhale ng'ombe ya pangolo imayenda bwino ikaona msipu kutsogolo.

Masiku atatu oyamba mwana anakhala ndwii, nkhope ngati wamwa kwinini. Masamba sankatembenuka. Tsiku lachinayi analowa ndi bukulo kuchipinda, anakhalitsako, ndipo potuluka anali munthu wina. Foni anaiika yekha patebulo, chafufumimba, ine osamuuza. Anakhala pangodya, msana kukhoma, buku atalitsegula pakati penipeni pa maondo. Ola lonse phee. Nthawi zina amaseka. Nthawi zina amamenya bondo n'kunena kuti "aaa, waphonya!" Mtima wanga unasungunuka.

Itakwana 19 koloko anatseka buku n'kuyamba. Amalume, inali nkhani ya mnyamata woweta ng'ombe amene anali m'gulu la Zwangendaba pamene Angoni ankawoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835. Tsiku lowolokalo dzuwa linada masana, anthu nakuwa, ndipo mumdimamo ng'ombe zake zisanu ndi ziwiri zinasowa. Mnyamata uja analumbira kuti sadzadya nyama mpaka atazipeza. Anali ndi galu wake dzina lake Sindikudziwa.

Ndinapereka K5 ndi manja awiri.

Abale, nkhani ija inali yokoma. Ndisanamizire. Pofika mutu wachikhumi mayi a kunyumba anali akupakula nsima msanga kuti asaphonye, ndipo aneba athu ankabwera ndi mpando wawo. Mwanayo ankadziwa pothera: mkango uli pafupi kulumpha, mnyamata ali pamphepete pa phompho, iye n'kungoti, "Mutu wathera pompo, amalume." Tsiku lina ndinamupatsa K10 kuti awerenge mitu iwiri. Ine, amene ndimawerengera timitengo ta machesi m'bokosi.

M'nkhanimo munalinso munthu woipa. Anali malume wake wa mnyamatayo, wadazi, womana, wokonda kudzitama ndi zakale, amene ankagona kukamwa kuli yasa anthu akulankhula naye. Munthu ameneyu ndinadana naye kwambiri. Ndinafika pomenya tebulo n'kunena kuti amalume otere ndi amene amationongera mbiri. Mayi a kunyumba anatsamwa ndi madzi, ndipo ine ndinawasisita pamsana.

Zizindikiro zinalipo, sindikana. Zala zake zazikulu zinkavina m'kati mwa buku, koma ndinkati akutsata mizere. Galu wa aneba athu dzina lakenso ndi Sindikudziwa, koma ndinkati azungu olemba mabuku amafufuza kwambiri. Ndipo usiku wina magetsi atazima, nyumba yonse ili bii, nkhope ya mwanayo inali kuwala yokha pangodya paja, mbuu ngati mwezi. Ndinawakodola mayi a kunyumba n'kuwanong'oneza kuti, "Mukuona? Akamati maphunziro ndi kuwala amanena zimenezi." Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupita kukagona.

Kudzitama ndiye ndinadzitama. Kometera tsitsi, kutchalitchi tikaweruka, ngakhale pamaliro. Mnzanga wa Chibemba kuntchito, amene chimbuya chake, kusereulana kuja kwa Abemba ndi ife akum'mawa, sichipuma, ankati anthu akum'mawa buku timangolidziwa ngati chokulungira mbewa. Ndinamuuza kuti abwere adzaone mwana wa kwa Gawa Undi akumeza masamba 600 ngati maungu. Mbiri inafika kusukulu, ndipo mu Okutobala, mayeso ali pafupi, ahedi ananditumira uthenga kuti pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ndidzalankhule za njira yanga. Njira yanga! Ndinachapitsa jekete.

M'mawa wa tsikulo Ganizani ali kosamba, ndinaona bukulo likusuzumira pansi pa pilo wake, litamangidwa ndi mphira. Ndinati umboni ndi umenewu. Ndinaliika m'khwapa n'kunyamuka osamuuza.

Kutentha kwa Chipata mu Okutobala mukukudziwa, mapiri onse aja amakhala ngati akupumira mumzinda. M'holo munali mutadzaza, amayi akudzikupiza ndi timapepala ta fizi. Anandipatsa maikolofoni. Ndinayamba ndi Zwangendaba, ndinawolotsa Angoni, ndinadetsa dzuwa. Ndinafika pa Mpezeni, ndinanena za Nc'wala ya ku Mtenguleni ngati kuti ndinalipo poyambitsa. Ndinawafotokozeranso za malume wadazi uja, mwatsatanetsatane, dazi langa likunyezimira ndi thukuta pansi pa malata. Anthu anaseka kwambiri, ndipo ndinaganiza kuti ndili ndi mphatso.

Kenaka ndinakweza buku m'mwamba ndi manja awiri, monga amachitira abusa. Ndinati, "Makolo anzanga, mdani wa mwana ndi foni. Mankhwala ake ndi awa."

Pomwepo foni inalira.

Sinali kulira kwaulemu ayi. Inali nyimbo ija ya achinyamata yoyamba ndi ng'oma ngati galimoto yopanda sailensa. Ndinaima, buku lili m'mwamba, n'kumwetulira mwachisoni. Ndinati, "Mwamva? Matenda ndi amenewa. Ngakhale ife akuluakulu." Ndinayang'ana mzere woyamba. Amayi ena anafufuza m'chikwama, napukusa mutu. Abambo ena anatulutsa yawo n'kuionetsa kuti ndi yozima. Foni ikulirabe. Ndinati, "Mwini wake asachite manyazi, tidikira." Ndipo tinadikiradi. Ndinayang'ana aphunzitsi mmodzimmodzi. Ndinayang'ana ngakhale ahedi, Mulungu andikhululukire, ndi diso lija timayang'anira mwana amene waba shuga. Ahedi anakweza manja onse awiri.

Chimene chinandisokoneza n'chakuti phokosolo linkamveka kumwamba. Ndinayang'ana kudenga. Anthu 200 anayang'ana kudenga pamodzi nane. Kudenga kunali malata ndi chisa cha mavu. Ndipo manja anga anali kunjenjemera, zzzz, zzzz, mogwirizana ndi ng'oma ija. Ndinaganiza kuti ndi BP. Ndinayamba kulingalira za amene adzasamale ana anga, ndi ngongole ya feteleza imene ndikanaisiya. Foni inaleka. M'holo munati zii. Ndinapuma, n'kutsegula pakamwa kuti ndipitirize.

Inayambanso.

Kamwana kena kamene kanali pamiyendo pa amayi ake kanaloza ndi chala n'kunena mokweza kuti, "Amama, buku likulira."

Ndinalitsitsa pang'onopang'ono. Ndinachotsa mphira. Tsiku limenelo magalasi ndinali nawo, omangidwa ndi ulusi wakuda, ndipo kanali koyamba kuti ine ndi bukulo tionane maso ndi maso. Chikomekome cha mkuyu. Kuyambira tsamba 90 mpaka kupitirira 400 munali dzenje, lodulidwa ndi lezala mwaukhondo moti mmisiri wa matabwa akanachita nsanje. Ngodya zinayi zowongoka. M'mbali anasiyamo kampata kolowetsera chingwe cha chaja. M'dzenjemo foni inagona ngati khanda m'chikuta, ikuwala, ikuvina. Pamwamba pa dzenjelo panatsala theka la chithunzi, ndipo chinali chithunzi cha kumbuyo kwa nkhumba.

Pofuna kuizimitsa ndinadina paliponse. Ndinadina poyankhira, ndinadinanso pokweza mawu, maikolofoni ili pompo pachibwano. Holo yonse inamva mawu a mwana wa mlongo wanga, akupuma mwabefu: "Halo? Halo? Amene mwatola buku limenelo, chonde, chonde, musawauze amalume."

Apa ndi pamene ndinakhala pansi.

Aphunzitsi a zaulimi ndi amene anatola bukulo. Analitembenuza, nawerenga timawu tapamwamba pa tsamba, ndipo m'malo moseka anakwiya. Anati ili ndi buku la matenda a nkhumba, labwino kwambiri, ndipo mutu umene wadulidwa kwambiri ndi wa chigodola, matenda amene amatha nkhumba kuno kum'mawa chaka ndi chaka, opanda mankhwala. Anandifunsa ngati ndikudziwa kuti buku lotere ndi losowa. Ndinayankha ndili pansi kuti wogulitsa anandiuza.

Za Angoni munalibe. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri munalibe. Sindikudziwa anali wa aneba basi. Foni imene inkagona patebulo langa chafufumimba miyezi inayi inali yakufa ya agogo ake, ataiveka chikuto cha foni yake. Mitu 43 pa K5 ndi K215, ndipo ndalama zonsezo zinkathera mabandulo, kutanthauza kuti mpira umene ankaonera m'buku langa ndinkalipira ndine, tsiku ndi tsiku, ndi manja awiri. Malume wadazi uja sindikufuna kukambapo.

Koma ndisanapachikidwe, mverani izi. Aphunzitsi a mbiri yakale anandipeza panja ndikukutumula jekete, nati zonse zimene ndinanena pa maikolofoni zinali zoona: chaka cha 1835, kadamsana, Zumbo, ngakhale za Nsingo mwana wa Mpezeni amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1898, mzinda uno usanazolowere n'komwe dzina la Fort Jameson. Nditamupanikiza Ganizani madzulo, anavomera kuti nkhani itayamba kumuthera cha pa mutu wachisanu ndi chimodzi, ankafufuza pa intaneti mpira ukafika pa hafu taimu, chifukwa mayi a kunyumba ndi Mngoni ndipo akanamugwira bodza. Anati nthawi zina ankawerenga mpaka kuiwala kuti mpira wayambanso. Ndiye ndikufunsa: mwana anawerenga kapena sanawerenge? Ndinawafunsa mayi a kunyumba funso lomweli. Anati, "Anawerenga. Amene sanawerenge ndinu." Anawonjeza kuti iwo anadziwa pa tsiku lachisanu, koma ankafuna kumva ngati ng'ombe zidzapezeke.

Mnzanga wa Chibemba uja tsopano akandiona amaika buku la malisiti kukhutu n'kumati "halo". Aphunzitsi a Chingerezi amupatsa Ganizani kope kuti alembe nkhani ija, ndipo akuti wafika tsamba 20, ngakhale kalembedwe kake kali ngati nkhuku yapalasa. Foni ndinalanda, ili m'thumba la jekete, ndipo ndimaiyesa kawiri patsiku ngati ndi yeniyeni.

Bukulo aphunzitsi a zaulimi anandibwezera. Ndimaliwerenga madzulo, poti ndinalipira. Mzere uliwonse uli ndi poyambira ndi pothera koma pakati palibe, ndiye ndikudziwa kuti nkhumba ikayamba kuchita chinachake m'makutu, uyenera kuchita chinachake msanga. Aneba abwera kawiri kudzafunsa ngati mutu 44 ulipo. Ndinamufunsa mwanayo mwakachetechete, osati kuti ndikufuna kudziwa, kungofunsa chabe, ngati mnyamata uja anazipeza ng'ombe zake. Anati mtengo unakwera, pano ndi K10.

Ndamuuza kuti tikambirana mwezi ukatha.