Bawo la bambo, ndi momwe ndinalisemera kawiri

Bambo anga amakonda bawo kuposa wailesi, koma lawo linadyeka ndi chiswe. Ndinaganiza zowasemera lina ndi manja anga, ndipo ndinatsika Khwekhwerere kupita ku Mua kwa amalume. Iwo anaphunzira zosema poyang'anira amisiri a ku KuNgoni, malo aja a zachikhalidwe ndi zosema amene anayambitsa wansembe, Bambo Claude Boucher, mu 1976.

Loyamba ndinaliwononga ndekha. Ndinagula thabwa longocheka kumene, lolemera ndi madzi, amalume n'kuligogoda ndi chala. "Mphwanga, ili silinaume. Thabwa la mainchesi awiri limafuna zaka ziwiri pamthunzi, utaliika pa timitengo kuti mphepo izidutsa, kumapeto utapaka penti." Ine changu chinandigwira, ndinasemabe. Patangotha milungu isanu mng'alu unayamba kumapeto n'kudutsa maenje atatu. Usiku umenewo nsima sinalowe.

Lachiwiri amalume anandipezera thabwa la mlombwa la chitseko chakale cha nyumba ina yogumuka. Mlombwa ndi mtengo uja ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi, ndipo chiswe sichiulimba mtima. Masiku ano wasowa, komanso kudula mtengo wachilengedwe popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu, choncho matabwa akale otere musawaponye pamoto.

Ndinalicheka masentimita 65 m'litali ndi 32 m'lifupi, n'kulipala ndi pulena mpaka kusalala. Kenako kuyeza, komwe kunanditengera m'mawa wonse. Bawo lili ndi maenje 32, mizere inayi, maenje asanu ndi atatu pamzere uliwonse. Ndinayamba ndagawa thabwa m'timabokosi ndi sikweya ndi pensulo, kenako n'kujambula zozungulira ndi kachitini ka tomato. Maenje awiri a m'mizere yamkati, aja timati nyumba, amakhala a ngodya zinayi, ndipo ndinawalemba chizindikiro msanga kuti dzanja lisazolowere kuzunguliza.

Pokumba ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Tchizulo chopindika umachiimika pamzere wa pensulo, n'kugogoda pang'onopang'ono kuzungulira dzenje lonse kuti udule mitsempha ya thabwa. Ukatero uyambe kukolopola kuchokera m'mphepete kulowera pakati. Ukachita mosemphanitsa, kuchokera pakati kutulukira kunja, kakhoma kolekanitsa maenje kamabenthuka, ndipo guluu sabisa chilema chimenecho. Amalume ankakhala pambali akunola zida pamwala, osayang'ana n'komwe, koma ankamva ndi khutu. "Chabuntha icho, bwera nacho." Chikakhala chakuthwa chimalira mofewa ndipo tizipalo timatuluka topiringizika ngati khungu la anyezi.

Pa tsiku ndinkakumba maenje asanu okha, dzanja litatuluka matuza. Kuya kwake ndinkayeza ndi kamtengo kodulidwa masentimita awiri ndi theka. Dzenje likazama kwambiri zala zimavutika kutola nkhomo, likakhala losaya nkhomo zimataikira kwa mnzake masewera akatentha. Apa ndikuona kuti ambiri ogulitsa m'misewu amalakwitsa: amakongoletsa m'mbali ndi njovu ndi mikango, maenje n'kuwasiya okhakhala.

Sandipepa ndinayamba ndi ya 80, kenako 120, n'kumaliza ndi 220, nditaikulunga kuchala kuti ifike pansi pa dzenje. Vanishi amalume anakana, akuti imakanuka nkhomo zikamagunda tsiku ndi tsiku. Tinapaka polishi wa pansi wopanda mtundu katatu, kupukuta ndi kansalu, mtundu wa mlombwa n'kutuluka wofiirira ngati uchi.

Ndinalikulunga m'chitenje n'kukwera nalo ku Dedza pa minibasi, nditalifumbatira pamiyendo. Bambo analiyendetsa chikhato pamwamba, n'kupisa zala m'nyumba zonse ziwiri, kenako anawerenga nkhomo zawo zakale zija m'kathumba. Zinakwana 61. Anatuma mdzukulu wawo kukatola timiyala titatu kumtsinje kuti zikwane 64, n'kundiuza kuti ndikhale pansi, ndiyambe ndine.