Loweruka ndi makamera awiri ku Chentcherere

Chifunga sichinachoke pa phiri la Dedza mpaka cha m'ma 9 koloko, ndipo mphepo ya July inali yolasa. Tauni yathu ino ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndiye nyengo ino ukagwira chitsulo m'mawa zala zimachita dzanzi. Nditamwa tiyi ndinanyamula chikwama cha kamera ndi tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, n'kutsikira kumsika, kumene tinapangana ndi akulu ena ojambula maukwati ndi zinkhoswe kuno mpaka ku Ntcheu. Iwowa agula Canon R6, kamera ya mirrorless, yopanda kalilole m'kati, ndiye akugulitsako zida zakale: bodi ya Canon 6D, kutanthauza kamera yokha yopanda lenzi, ndi lenzi ya 50mm f/1.8 STM. Chimvereni nkhaniyi, mtima wanga wakhala uli pa 6D imeneyo.

Ine ndili ndi Canon 600D, yotuluka mu 2011, ya ma megapixel 18, ndi malenzi awiri: 18-55 imene imabwera ndi kamerayo, ndi 55-250 yokokera zakutali. Sindidyera kujambula, ndine mphunzitsi. Ndimajambula mapiri, misika, ana a abale anga, ndipo chaka chino ndakopeka kwambiri ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni. Kumeneko n'kumene ndinayamba kusirira full frame, kamera ngati 6D yokhala ndi sensa (kachida kolandira kuwala) yaikulu, chifukwa zithunzi zanga za mumthunzi wa miyala zimatuluka ndi timadontho ngati wina wawazapo mchenga.

Tinakhala m'kachipinda kawo kuseri kwa sitolo. "Aphunzitsi, yang'anani bwino musanatulutse ndalama, sindifuna tidzadane," anatero akundipatsa kamerayo. Anthu ogulitsa otere ndi osowa. 6D inatuluka mu 2012, ili ndi ma megapixel 20, ndipo ukangoika diso pa viewfinder, kazenera kosuzumirapo, umaona kuti ndi ina: chithunzi chachikulu, chowala, choti sufinya diso. Labala wa pogwirira anayamba kumatuka, ndipo utoto m'makona unafufutika mpaka chitsulo kuonekera. Zimenezo sizinandiopse. Chimene ndinafuna kudziwa ndi shutter count, kuchuluka kwa zithunzi zimene shata yajambula chiigulireni. Canon inaiwerengera shata ya 6D zithunzi pafupifupi 100,000. Tinailumikiza ku laputopu yawo, ndipo nambala imene inatuluka inali itatsala pang'ono kufika pamenepo. Sizodabwitsa, kamera ya maukwati sipuma Loweruka. Shata ikhoza kupitirira nambala imeneyo osavuta, koma tsiku limene idzafe, kamerayo idzafunika ulendo wautali wokakonzetsa, ndipo mtengo wake suchepa.

Kenako ndinatuluka panja, n'kutseka lenzi mpaka f/22 (nambala ya f ikakula, kabowo kolowera kuwala kamachepa), n'kujambula mitambo yoyera. Ukatero fumbi lonse la pa sensa limaonekera. Panali timadontho tingapo kumtunda chakumanzere, toti tichoka popukuta. Lenzi ya 50mm ndinaichotsa n'kuiwalitsa ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, ndikuyang'ana ngati muli chuku, timizere toyera tomwe timamera m'kati mwa galasi lenzi ikasungidwa ponyowa. Munali mwambee. Ndinaipukusa pafupi ndi khutu, palibe chogwedera.

Vuto lalikulu lili pakamwa pa kamera, polumikizira lenzi. Pa 600D yanga pali zizindikiro ziwiri, kadontho kofiira ndi kabokosi koyera. Pa 6D pali kofiira kokha. Malenzi anga onse awiri ndi a kabokosi koyera, a EF-S, opangidwira sensa yaing'ono, ndipo kumbuyo kwake amalowa m'kati kwambiri moti pa full frame angagunde kalilole. Canon inawapanga dala kuti asalowe n'komwe. Malenzi a kadontho kofiira, a EF, amene anayamba mu 1987, amalowa pa makamera onse awiri. Ndiye kugula 6D lero kukanatanthauza kutsala ndi lenzi imodzi yokha, ya 50mm ija, ndi kuyambiranso kusonkha. Akuluwo anaona kuti ndakhala chete. "Tengani zonse mukayese kumene mumajambulako. Mubweretse dzuwa lisanalowe." Ndinawasiyira 55-250 yanga ngati chikole, ngakhale ankakana.

Mphwanga anandinyamula pa njinga yake yamoto, chikwama nditachikulunga m'jumbo chifukwa cha fumbi. Njira ya ku Chentcherere, amodzi mwa malo a zojambula za m'mapanga zija, imadutsa m'minda yokolola kale ndi m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Dera lonseli UNESCO inalilemba m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala. Zofiira ndi zakale kwambiri, za Akafula, anthu osaka nyama amene ankakhala kuno alimi asanabwere. Zoyera ndi za makolo athu Achewa, zina zokhudza chinamwali cha atsikana, zina za Nyau. Ku Chentcherere zimene zimakulandira ndi zoyerazo, zooneka ngati nyama yotambasula miyendo ukuiyang'ana chapamwamba, zina zili ndi madontho pamsana. Bambo amene anatiperekeza anavula chipewa tikufika pansi pa mwalawo, ifenso tinatsitsa mawu.

Pali chimene chimandipweteka ndikafika malo amenewa. Anthu ena analemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo. Ndipo ndinamvapo ojambula ena akulangizana kuti uziwaza madzi pamwala kuti utoto uwale. Chonde, musamatero. Madzi amasukulutsa utoto ndipo amatulutsa mchere m'mwala. Chithunzi chako chimodzi sichiposa chinthu chimene chakhalapo mibadwo yonseyi.

Kunja kunali mitambo, ndiye pansi pa mwala kuwala kunali kochepa. Ndinayamba ndi kujambula chogwira pamanja. 600D ndi 18-55 inafuna ISO 1600 (ISO ndi nambala imene umakweza kuwala kukachepa, koma ikakwera timadontho timachuluka), ndipo nditakulitsa chithunzi pa sikirini timadontho tija tinali mbwee m'malo amdima, madontho enieni a utoto akusokonekera momwemo. 6D ndi 50mm, ngakhale nditaikweza dala mpaka ISO 3200, inatulutsa mwala wosalala, ming'alu yonse ikuoneka. Apa palibe kutsutsa. Sensa yake ndi ya mamilimita pafupifupi 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, pamene yanga ndi 22.3 ndi 14.9. Ndiye kuti malo olandirira kuwala ndi aakulu kawiri ndi theka. Mphwanga anasuzumira nati, "Achimwene, ingogulani imeneyi basi."

Ndinamuuza kuti adikire kaye, ndipo ndinaimika tripod. 600D yomweyo, lenzi yomweyo ya 18-55, koma ISO 100, f/8, ndi timer ya masekondi awiri kuti chala changa chisagwedeze kanthu. Shata inatseguka kanthawi ndithu, koma mwala suthawa. Ndinachita chimodzimodzi ndi 6D. Titaika zithunzi ziwirizo pafupi, tonse atatu tinalephera kuloza kuti ichi chachokera ku kamera iti, mpaka titakulitsa kwambiri m'makona. Zinandikhazika pansi. Chinthu chimene ndinkafunira full frame, miyendo itatu ya tripod imene ndili nayo kale ikuchita. Fulashi sindinaiyatse n'komwe, chifukwa ikamenya mwala chamaso imafafaniza maonekedwe ake ndipo utoto woyera umangowala mbuu. Ndiponso 6D ilibe fulashi yakeyake, ilibenso sikirini yotembenuka imene pa 600D imandithandiza kujambula denga la phanga osagona chagada pafumbi.

Panalinso nkhani ya poponda. 50mm ikakhala pa 600D imaona mopanikiza, ngati 80mm pa full frame, chifukwa pa Canon za sensa yaing'ono umachulukitsa ndi 1.6. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo kuti khoma lonse lilowe, koma kumbuyo kwanga nthaka inali yotsetsereka ndi miyala. Pamalo ngati amenewa lenzi imasankhidwa ndi pamene phazi lingaime. 18-55 yanga ikakhala pa 18 imaona ngati 29mm, ndipo khoma lonse limalowa. Anthu amainyoza lenzi imeneyi poti imabwera ndi kamera, koma pa f/8 ndi tripod imagwira ntchito yabwino.

Chimene chinatembenuza mtima wanga chinachitika tikupuma. Mphwanga anakhala pamwala mumthunzi akusenda nzimbe ndi mano, akucheza ndi bambo aja. Ndinamujambula ndi 18-55 nditakokera pa 55, pamene imangotseguka mpaka f/5.6. Kuti munthu wotafuna ndi kuseka asatuluke wogwedera ndinafunika shata yothamanga pa 1/125 ya sekondi, ndipo kamera inapempha ISO 3200. Ndinaikapo 50mm ija, n'kutsegula pa f/2: liwiro lomwelo, ISO 400. Nkhope inatuluka yoyera bwino, madzi a nzimbe akunyezimira pachibwano, ulusi wa chipewa chake choluka ukuwerengeka, ndipo mitengo ya kumbuyo itasungunuka. Kamera yake ndi yomwe ija ya 2011. Kuchoka pa f/5.6 kufika pa f/2, kuwala kolowa kumachuluka ka 8, ndipo ukatsegula mpaka f/1.8 ndi pafupifupi ka 10. Bodi yatsopano ikundilonjeza kawiri ndi theka, pa mtengo woti ndingagulire malenzi otere angapo. Kalenzi ka magalamu 160 kakundipatsa zoposa pamenepo.

Pobwerera, ndili kumbuyo kwa njinga, ndinkawerengera m'mutu. Ndi 6D ndikanafunika lenzi ya tsiku ndi tsiku ngati 24-105 f/4, ndi ina yokokera ngati 70-300. Komanso ndikanataya kanthu: 250mm pa kamera yanga imakoka ngati 400mm, zomwe zimandithandiza pa mbalame za m'phiri. Zida zonsezi zimachokera kunja, kaya ku Johannesburg kaya kwina, ndipo kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale zakaunjika zinakwera. September akubwera ndi fizi, ndipo feteleza wa mbatata sadikira munthu.

Akulu aja ndinawapeza akukopera zithunzi za chinkhoswe. Ndinawauza kuti nditenga lenzi yokha. Sanakhumudwe. Anandipatsa R6 yawo kuti ndigwireko, ndipo kunena zoona imasangalatsa: imagwira diso la munthu yokha n'kumalitsata ngakhale akuyenda. Kwa munthu wojambula mkwatibwi akuvina muholo ya mdima, chimenecho ndi chakudya chake, ndipo anachita bwino kugula. Koma anandionetsanso mabatire amene amayenda nawo tsopano, thumba lakelake. Mirrorless imadya batire chifukwa sensa ndi sikirini zimakhala zoyaka nthawi yonse imene ukuyang'ana, pamene pa DSLR, kamera ngati 600D ndi 6D, diso limangoona kudzera m'kalilole. Kwathu kuno, kumene magetsi akhoza kuzima usiku wonse, imeneyo si nkhani yaing'ono. Anandikumbutsanso kuti Canon inayamba malenzi a RF, a makamera a mirrorless ngati R6, mu 2018, koma a EF amagwirabe ntchito pa makamera atsopanowo ndi adaputa. Choncho 50mm imeneyi ndidzasamuka nayo kulikonse, kaya pa full frame yakale kaya pa mirrorless.

Mnzanga wina wa ku Lizulu ali ndi Nikon D3500 ndipo amandifunsa zomwezi. Kwa iye yofanana nayo ndi 35mm f/1.8G DX kapena 50mm f/1.8G. Asamale ndi malenzi akale olembedwa AF-D amene amapezeka motchipa, chifukwa makamera a D3000 ndi D5000 ndi abale awo alibe mota m'bodi yoyendetsera malenzi amenewo, ndiye adzangozungulitsa pamanja.

Ndinatumiza ndalama pa foni, ndinatenganso 55-250 yanga. "Bodi ndikusungirani mpaka mwezi uthe, aphunzitsi," anatero. Ndinawathokoza n'kuwauza kuti akapeza wogula asandidikire. Ikuyenera munthu amene imubwezera ndalama zake pa maukwati.

Madzulo ndinadutsira kwa azakhali, ndipo ndinawapeza m'khitchini akukazinga mtedza m'phale. Ndinapempha kaye, monga ndimachitira ndi aliyense, ngakhale kumsika. "Jambula mwanangu, koma undionetse," anatero akukonza duku. Kuwala kunali kwa moto ndi kwa pakhomo basi, malo amene 18-55 ikanangosakasaka osagwira kanthu. 50mm inagwira. Koma pa f/1.8 malo akuthwa ndi opyapyala kwambiri: ukagwira mphuno, maso afewa kale. Ndinasankha kadontho kapakati pa madontho 9 a focus a 600D, n'kuloza pa diso lapafupi, ndipo nditatseka pang'ono kufika pa f/2.2 zinayamba kukhala bwino. Azakhali atadziona anaseka n'kuitana ana onse kuti abwere adzaone, ndipo akuti chimodzi ndiwatsukire chachikulu choika pakhoma.

Chatsala ndi posungira. Mvula isanayambe mu November ndiyenera kupeza chigubu chotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, chifukwa chinyezi cha kuno chimameretsa chuku msanga. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndipita ku Bembeke ndi lenzi yatsopanoyi yokha, ndikaone ngati m'kati mwa msika muli malo okwanira kubwerera m'mbuyo.