Mmene ndinalondolera mapazi a agogo anga ku nkhondo ya ku Burma

Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anamwalira ndili wamng'ono, ndipo zimene banja lonse linkadziwa n'zakuti anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ali m'gulu la King's African Rifles, lomwe ambiri amangoliti KAR. Anatisiyira kachitini ka mamendulo atatu ndi chikalata chimene anapatsidwa potuluka usilikali, chomwe chiswe chinali chitadya kale mbali imene panalembedwa dzina la batalioni yawo.

Ndinayambira pa mamendulowo, poganiza kuti kuseri kwake ndipezako dzina. Ndinalibe mwayi, chifukwa mamendulo ambiri amene boma la Britain linapereka pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 sankasindikizidwa dzina, kusiyana ndi a nkhondo yoyamba. Komabe imodzi inali yooneka ngati nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, ndipo nditaipukuta ndi kansalu ndinawerenga mawu akuti Burma Star. Mendulo imeneyi inandichotsera chikayiko chachikulu, popeza asilikali a ku Nyasaland anatumizidwa kumadera ambiri: ena analimbana ndi Ataliyana ku Somaliland ndi ku Abyssinia (Ethiopia) mu 1940 ndi 1941, ena anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo ena anaoloka nyanja kukafika ku Ceylon (Sri Lanka) kenako ku Burma (Myanmar).

Chimene chinandidyera nthawi kwambiri ndi dzina. Pachikalatacho panali dzina limene m'banjamo palibe ankawatchula nalo, chifukwa polembetsa usilikali anapereka dzina la ubwana wawo pamodzi ndi la bambo awo, ndipo mlembi analilemba mmene analimvera, kuika r pamene ife timaika l. Kwa miyezi ingapo ndinkafufuza munthu amene pamapepala kunalibe. Ndikulangiza aliyense woyamba ntchitoyi kuti agwiritsitse nambala ya usilikali, popeza dzina limasinthasintha koma nambala imakhala imodzimodzi pachikalata chilichonse.

Kenaka ndinakhala pansi ndi azakhali, mlongo wamng'ono wa agogowo, amene tsopano maso awo ndi ofooka koma mutu ukadali wakuthwa. Sindinawafunse za zaka kapena manambala, chifukwa mafunso otere amangomuumitsa pakamwa munthu wamkulu. Ndinawapatsa mendulo ija m'manja, ndipo iwo ataisisita ndi chala anayamba okha kufotokoza kuti achimwene awo ankanena za mvula yosakata, za matope ofika m'mawondo, za chakudya chogwa kuchokera m'ndege, ndiponso za mnzawo wapamtima amene analowa naye usilikali tsiku limodzi koma sanabwerere. Dzina la mnzawoyo analitchula kawiri, ndipo ndinalilemba.

Dzina limeneli ndi limene linatsegula njira. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission lili ndi kaundula wa pa intaneti wa asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri za padziko lonse, ndipo kufufuzamo n'kwaulere. Agogo anga sakanapezekamo chifukwa anabwerako amoyo, koma nditayesa malembedwe atatu osiyana a dzina la mnzawo uja, ndinamupeza: anafa chakumapeto kwa 1944, ndipo dzina lake lili pa chipilala cha Rangoon Memorial ku manda a Taukkyan ku Burma, pamene panalembedwa mayina pafupifupi 27,000 a asilikali amene manda awo sadziwika. Nambala yake inasiyana ndi ya agogo pa manambala awiri otsiriza okha, ndipo pambali pake panalembedwa batalioni ya 22 ya KAR, imodzi mwa za ku Nyasaland. Umenewu si umboni wotheratu, chifukwa asilikali ankasamutsidwa, koma ukaphatikizidwa ndi mawu a azakhali oti awiriwa anali limodzi mpaka tsiku lomaliza, ine ndinaukhulupirira.

Ku National Archives ku Zomba, mzinda womwenso unali likulu la KAR m'dziko muno, ndinawerenga makalata a boma la atsamunda okhudza kulemba anthu usilikali ndi kuwabwezera kwawo nkhondo itatha. Zolembedwa za tsiku ndi tsiku za mabatalioni, zomwe amazitcha war diaries, zimasungidwa ku The National Archives ku Kew, mumzinda wa London, ndipo za ku Burma zili m'gulu la mafayilo la WO 172. Ndinapeza nambala ya fayilo m'kaundula wawo wa pa intaneti, kenako m'bale wanga amene amakhala kumeneko anapita kukajambula masamba ake ndi foni.

Ndinawerenga masambawo usiku wonse. Gulu lalikulu la 11th East African Division, mmene munali batalioniyo, linatsika chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula ya 1944 likuthamangitsa asilikali a Japan, kuchokera ku Tamu kudzera ku Kalemyo mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Chigwacho chinali chodziwika ndi malungo, ndipo misewu itasanduka matope, katundu ankaponyedwadi kuchokera m'ndege monga ananenera azakhali. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti akuluakulu achizungu amatchulidwa mayina, pamene asilikali akuda kawirikawiri amangowerengedwa ngati chiwerengero cha ovulala ndi akufa. Dzina la agogo silinapezeke pa tsamba lililonse, koma pa tsiku limene kaundula wa Commonwealth War Graves Commission uja akuti mnzawo anafa, panalembedwa malo amene gululo linali ndi nthawi imene mfuti zinayamba kulira.

Tsamba limenelo ndinalisindikiza n'kukawawerengera azakhali, ndikumasulira mzere uliwonse pang'onopang'ono. Nditamaliza anakhala chete kwa nthawi, kenako anandiuza kuti mnyamata uja anasiya mlongo wake amene ana ake alipobe, ndipo anandipempha kuti ndisindikize tsamba lina loti tikawapatse.