Kuzungulira Joni pa bakki koyamba

Ndinanyamuka ku Rosettenville 4 koloko mmawa pa bakki ya alamu anga, katundu atadzadza mpaka pamwamba, ulendo wa ku Beitbridge. Alamu anandiuza kuti usayerekeze kudutsa mtauni iwe, zungulira pa ring road basi. Msewu umenewu umazungulira Joni ndipo ndi misewu itatu yolumikizana, N1 kumadzulo, N3 kummawa, N12 kummwera, wonse pamodzi ndi makilomita pafupifupi 80.

Ine ndinalowa N12 pa Comaro kuloza kummawa, kenako pa Elands nkukhotera N3 yopita kumpoto. Apa mpomwe mtima unayamba kugunda chifukwa ndinaona chimtanda chachitsulo chija chadutsa pamwamba pa msewu, makamera ali ndandanda. Mmutu mwanga munali nkhani zija za e-toll zoti amakujambula nambala kenako bilu imakutsatira, ndiye galimoto nayo si yanga. Ndinawaimbira alamu, iwo kuseka, akuti aise zimenezo zinatha kale, yendetsa galimoto. Zoonadi SANRAL, bungwe loyang'anira misewu ikuluikulu kumeneko, inayamba kulipiritsa mu December 2013, anthu ambiri anangokana kulipira mpaka boma linazimitsa mu April 2024. Zitsulozo zangotsala chiimire.

Choopsa chenicheni ndi ma leni abale. Pa Gillooly's, N12 imapatuka limodzi ndi R24 ya ku eyapoti ya OR Tambo, ukangokhala leni yolakwika wapita basi, ndipo ma thiraki sakupatsa mpata olo uyatse indiketa mpaka liti. Ine ndinangoti maso pa chikwangwani cholembedwa Pretoria, zina zonse osawerenga. Pa Buccleuch N3 imathera mu N1, kuchoka apo ndi Midrand, Centurion, msewu uli tayale. Mukachedwa kunyamuka mpaka 6 koloko mudzakwawa pamenepo ngati nkhono, nchifukwa chake ndinalawirira.

Ndalama zimayamba kutuluka ukadutsa Pretoria. Kumeneko ndi ma toll gate enieni ngati athu aja a pa Chingeni ndi Kalinyeke, umaima, kutsitsa windo, kulipira, chitsulo nkukwera. Pumulani, Carousel, Kranskop, Nyl, Capricorn, womaliza Baobab usanafike Musina. Leni ya e-tag osalowamo ngati mulibe tag, kachipangizo komata pa galasi kolipirira toll, mudzangodzichititsa manyazi kubwerera chambuyo anthu akukuimbirani hutala. Ine ma randi ndinawasunga mkachitini ka chingamu pafupi ndi giya, ndipo malisiti onse ndinawapinda bwinobwino poti alamu anati akufuna kukawaona.