Dzimbiri lopaka dala: ulendo wanga wa ku Pendon

Madala amene ndayandikana nawo nyumba kuno ku Reading, ku England, ali ndi kashedi kuseri, ndipo kwa chaka chathunthu ndinkangoti amasungamo makasu ndi makina otchetchera kapinga. Chondidabwitsa chinali chakuti getsi limayaka m'menemo mpaka pakati pa usiku. M'mawa wina ndikuchokera ku ntchito, tulo tili m'maso, anandikodola pampanda n'kundiika m'manja kabogi ka sitima kotalika ngati chala changa cha mkombaphala. Kanali kakuda ndi fumbi la malasha, thabwa limodzi losiyana mtundu ndi anzake, dzina la mwini wake litafufutika mbali ina. Ine ndi chifundo changa ndinati, "Pepani madala, kagwera m'matope kameneka?" Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti litsiro limenelo anachita kupaka dala, ndipo linawatengera madzulo atatu.

Mpamene panabadwira ulendo. Anati ngati ndikufuna kumvetsa misala yawoyo, ndiwaperekeze ku Pendon Museum, nyumba yoonetseramo tisitima ndi timidzi topanga pamanja, m'mudzi wa Long Wittenham ku Oxfordshire. Ndinavomera chifukwa cha ulemu chabe. Mumtima ndinkati, munthu wamkulu ndevu pepepe ngati ine kukathera Loweruka langa lopuma ndikuonera zidole?

Tinakwera sitima ku Reading ndipo mphindi 20 zisanakwane tinali titatsika pa Didcot Parkway. Njanji imeneyi ndi ija anamanga injiniya Isambard Kingdom Brunel, yochoka ku London kupita ku Bristol, yomwe inatha mu 1841. Ndinkayesa tikwera takisi pomwepo, koma madala anandikokera kaye ku Didcot Railway Centre, pafupi penipeni ndi siteshoni, kumene amasungako sitima zakale za kampani ya Great Western Railway. Anthu onse ankathamangira mitu ya sitima yobiriwira, yonyezimira mkuwa, kukajambulitsa. Ife tinaidutsa ngati sitikuiona, mpaka tinakaima pa bogi ina ya katundu yomwe inali pambali kudikira kukonzedwa.

"Tandiuza, dzimbiri lili pati?" anandifunsa.

Ndinati lili paliponse.

"Yang'ananso, mwanawe."

Nditadekha ndinaona kuti zoonadi silinali paliponse. Linkayambira pamutu pa bawuti iliyonse n'kutsetsereka pansi ngati msozi, kutsata njira ya madzi a mvula. Pamene pamalowa girizi wa mawilo panali pakuda, ponyezimira pang'ono, popanda dzimbiri n'komwe. Kunsi konse kunali fumbi lofiirira. Matabwa a m'kati anali otuwa ngati chitseko cha nkhokwe yakale, osati achikasu ngati thabwa la ku shopu. Pa chogwirira cha buleki penti anali ataperepeseka ndi manja a anthu. Chilichonse chinali ndi chifukwa chake. Akulu akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine amene ndinakulira m'mbali mwa njanji ku Balaka, ndikuona mabogi tsiku ndi tsiku, ndinachita manyazi kuti sindinayang'anepo bogi chonchi.

Kuchoka apo tinakwera takisi, kaulendo kakafupi kodutsa m'minda. Ku Long Wittenham nyumba zina n'zofolera ndi udzu mpaka lero, ndipo ndinaseka ndekha. Kwathu munthu akapeza ndalama, choyamba ndi kusasula udzu n'kukhoma malata. Kuno nyumba ya udzu ndi ya anthu a ndalama zawo.

Udzu womwewo ndi umene unayambitsa Pendon. Mnyamata wina wa ku Australia, Roye England, anafika ku England mu 1925 ndipo anakopeka ndi midzi ya m'chigwa chotchedwa Vale of White Horse. Anaona kuti nyumba zakale zikugwetsedwa, zina akuzichotsa udzu n'kuika madenga amakono. Analibe mphamvu zoletsa zimenezo. Chimene anachita n'kuyenda ndi kamera, tepi yoyezera ndi kope, kulemba muyeso wa khoma, zenera ndi mtundu wa njerwa, kenako n'kumanga nyumbazo pakang'ono. Mu 1931 anayamba yoyamba, nyumba yomwera mowa imene anaitcha Waggon and Horses, ndipo inamudyera zaka. Makoma ake ndi a katoni, njerwa iliyonse yolembedwa payokha n'kupakidwa utoto wosungunula ndi madzi. Denga ankafolera ndi tsitsi lenileni la munthu, mpaka pambuyo pake pamene anayamba kugwiritsa ntchito ulusi uja okonza mipope amakulunga polumikiza mapaipi. Ndinawauza madala kuti kwathu munthu wopezeka ndi thumba la tsitsi la anthu nkhani yake imakathera kwa amfumu. Pendon inatsegulidwa mu 1954, ndipo Roye England anamwalira mu 1995 ntchito isanathe. Anthu ongodzipereka akuipitirizabe.

Muyeso wake ndi wakuti fiti imodzi imakhala mamilimita 4, ndiye kuti chinthu chilichonse chachepetsedwa ka 76. Mwamuna wamtali mafiti 6 amakhala mamilimita 24, wamfupi kuposa ndodo ya machesi.

Pansi pali malo otchedwa Dartmoor Scene, mlatho wautali wamatabwa wonga imene Brunel ankamanga, utadutsa chigwa. Tinaima pagalasi. Patapita kanthawi kunatulukira mutu wa sitima ukukoka mabogi a katundu, pang'onopang'ono ngati maliro. Ndinayamba kuwerenga koma ndinasokonezeka panjira. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti panalibe mabogi awiri ofanana. Ina yofiira, ina yakuda, ina yotuwa, ina yaitali pang'ono, iliyonse ndi dzina lake m'malembo akuluakulu. Madala anandinong'oneza kuti masiku amenewo mgodi uliwonse wa malasha, ngakhale wogulitsa malasha wa m'tauni, ankakhala ndi mabogi akeake olembedwa dzina lake. Nkhondo itayamba mu 1939 boma linawasonkhanitsa onse kuti azigwira ntchito pamodzi, ndipo mu 1948 analowa m'manja mwa British Railways, kampani ya njanji ya boma. Mabogiwo ankalumikizidwa ndi unyolo wa mphete zitatu basi, opanda buleki yochokera kwa dalaivala. N'chifukwa chake kumapeto kwenikweni kunkakhala kanyumba ka gadi wopotokola buleki ndi manja. A Great Western ankakatcha Toad, kutanthauza chule. Katadutsa kachule kameneko, ndinazindikira kuti ndinali nditatsamira galasi ndi mphumi ngati mwana.

Apa madala anayamba nkhani imene ndikuona kuti imawasowetsa tulo. Sitima zambiri zogula m'shopu kuno, za Hornby kapena Bachmann, ndi za muyeso wotchedwa OO. Thupi lake ndi la mamilimita 4 pa fiti, koma njanji yake ndi yotalikirana mamilimita 16.5, pamene muyeso woona ukanakhala 18.83. Zinatero chifukwa kale timainjini tamagetsi sitinkakwana m'matupi ang'onoang'ono a sitima za ku Britain, ndiye opanga anakulitsa thupi n'kusiya njanji momwemo. Ku Pendon amagwiritsa ntchito muyeso wina wotchedwa EM, wa njanji ya mamilimita 18.2. Kusiyana kwake ndi OO sikufika ngakhale mamilimita awiri, koma akuti alipo anthu amene anasiya kulankhulana chifukwa cha zimenezi. Ine ndinangoti zikomo. Nditawauza kuti njanji ya kwathu ndi ya mafiti atatu ndi theka, mamilimita 1,067, anatsinzina pang'ono n'kuti, "Ndiye pa muyeso wathuwu ndi mamilimita 14 ndendende. Uli ndi mwayi, palibe wokangana naye."

Njanji ina yaing'ono yotchedwa Madder Valley, imene John Ahern anayamba kumanga m'zaka za m'ma 1930, tinaiona mwachidule. Ndi yakale kwambiri moti amaiyendetsa masiku owerengeka pachaka, ndipo tsikulo inali chete.

Pamwamba ndiye pali chigwa chenichenicho, Vale Scene, ndi mudzi wongopeka wotchedwa Pendon Parva, ngakhale nyumba zake zinatengedwa ku nyumba zenizeni za m'midzi yosiyanasiyana. Umachiona chili pa msinkhu wa maso, osati ngati mbalame. Apa ndinakhalitsa. Minda, mipanda yamitengo, kabichi m'dimba kuseri kwa nyumba, msewu wafumbi loyera ukukhotakhota kukwera chitunda. Sitima imadutsa patali mwa apo ndi apo, ndipo nthawi yambiri palibe chimene chikuyenda. Poyamba ndinaona ngati akutimana. Kenako ndinakumbuka kuti ndi mmenenso zinalili ku Balaka: njanji imakhala duu maola ambiri, sitima n'kubwera, n'kupita, kukhalanso zii.

Tianthu take ndi tochepa, ndipo n'zadala. Madala anandiuza kuti ndione mmene taimira. Ambiri mwa amene ndinawaona anali oima, otsamira, okhala pansi kapena ocheza. Akuti ukaika kamunthu kothamanga, mwendo uli m'malere, diso limadikira kuti kaponde pansi, ndipo kakapanda kuponda bodza laululika. Koma munthu wotsamira mpanda akhoza kukhala pomwepo tsiku lonse osakayikitsa. Zovala zawo n'zosawala. Palibe choyera mbuu kapena chakuda bii, chifukwa chinthu ukachionera patali mtundu wake umazilala, ndipo munthu wa mamilimita 24 amene ali mita imodzi kuchokera pamaso pako ali ngati munthu weniweni amene waima mamita 76 uko.

Ndili mwana tinkapanga malole a mapaketi a Chibuku, mawilo ake zitsekerero za mabotolo, ndipo amene anali ndi luso ankapinda mawaya mpaka galimoto yokhota ndi chiwongolero. Mnzanga wina ankalumikiza zitini za nsomba ndi waya kukhala sitima, n'kudzazamo makala. Titafika Sitandade 7 tinasiya, poti ankati n'zachibwana. Nditaima pagalasi lija zinandiwawa pang'ono. Sindikunena kuti tonse tikanakhala a Roye England. Koma siteshoni ya Balaka mmene ndinkaidziwira, amayi ogulitsa nzimbe ndi mandasi pamazenera a sitima ya ku Nayuchi, mabogi odzaza matumba a chimanga ndi njinga, palibe amene ndikumudziwa anaziyeza ndi tepi. Lero pa Nkaya, kummwera kwa Balaka, pamadutsa sitima zazitali za malasha a ku Moatize kupita ku Nacala, ndipo nazonso tsiku lina zidzasintha.

Pobwerera sindinalankhule zambiri. Titafika, madala analowa m'shedi n'kutuluka ndi kapaketi ka kampani ya Parkside: tiziduswa ta pulasitiki totuwa ta bogi ya malasha ya matabwa 7, yonyamula matani 12, ya muyeso umene unakhazikitsidwa mu 1923. Yeniyeniyo ndi yaitali mafiti 16 ndi theka, yangayi mamilimita 66. Anandikhazika pampando. Kachidutswa kalikonse umakadula ndi mpeni wakuthwa, osathyola ndi manja, n'kukapala ndi katupa. Guluu wake ndi wamadzimadzi. Supaka kaye ayi, umagwirizitsa zidutswa ziwirizo n'kukhudza polumikizira ndi kaburashi, iye amalowa yekha n'kusungunula pulasitiki. Timabowo ta mawilo umaikamo timakapu tamkuwa kuti azizungulira bwino. Ndiye pali kalilore wakale amene amakhala pathebulo: bogi umaimika pamenepo guluu asanaume, kuti mawilo onse anayi aponde. Kunsi umamatako kamtovu kuti ilemere, apo ayi imadumpha njanji pokhota.

Yanga inaponda atatu. Ndinaikankha ndi chala, inkagwedera ngati tebulo la m'resitiranti ya pamsika. Tinaimasula n'kuyambiranso.

Kupaka kunatenga milungu iwiri, madzulo amene sindinali ku ntchito. Choyamba utoto wotuwa wapansi, kenako mtundu wa bogi, kenako malembo omata ndi madzi, kenako vanishi wosanyezimira. Litsiro limabwera pomaliza. Utoto wakuda wosungunula kwambiri umauthira kuti ulowe m'mipata ya matabwa. Ndiye umatenga burashi youma, kuipukuta papepala mpaka ngati mulibe kanthu, n'kusesa pamwamba kuti ngodya ndi mabawuti zionekere. Madala amakonda nthawi ya m'ma 1950, ali mwana, pamene mabogi akale aja ankati thabwa likathyoka amangoikapo lina losapaka, dzina la mwini n'kuduka pakati. Ndiye ndinasiya matabwa awiri otuwa. Malasha ake ndi enieni, osinja ndi hamala m'kansanza n'kusefa ndi sefa ya tiyi.

Pa dzimbiri ndinaonjeza dzanja. Ndinapaka ufa wofiira paliponse mpaka bogi inaoneka ngati yachokera ku Thyolo nthawi ya dzinja. Madala sananene kanthu, anangotulutsa foni n'kundionetsa chithunzi cha bogi ya ku Didcot ija. Ndinatsuka n'kuyamba bawuti imodziimodzi.

Anandipatsanso kamunthu kamodzi, kovala chipewa, manja ali m'thumba. Ndinakamata pa chitsekerero cha botolo kuti ndizikagwira bwino, ndinavala magalasi awo okuza zinthu, ndinapaka nkhope, malaya, buluku. Kenako ndinati munthu wopanda maso ndi munthu wanji, n'kudontheza timadontho tiwiri ndi nsonga ya singano. Kanatuluka kali tong'o ngati kakumana ndi fisi panjira. Madala anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati ndinaonapo maso a munthu amene waima kutsidya kwa bwalo la mpira. Mawa ndikukafufuta, ndipo ndawauza kale kuti nkhope ya kameneka ndipaka yakuda, ngati ya malume anga amene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe.